Mtchona Amene Tinamupeza pa Tsamba la Maliro

Limbani ndi Tiyanjane, ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za ubwana wanga ndazilumpha dala, poti kutunga madzi ndi kupita kusukulu wopanda nsapato aliyense wa msinkhu wanga anachita. Ndiyambira pamene ndinayamba ntchito, ndipo mundikhululukire ngati pena ndikumveka ngati ndikukalipa. Zinthu zina ukamazikumbukira mtima umawiranso ngati zachitika m'mawa womwewu.

Pa boma, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali m'nyumba yowerengeramo mabuku pa boma la Ntcheu, ya bungwe lina lomwe linali ndi nyumba zotere m'maboma angapo. Anthu ankaitcha laibulale, ngakhale kunena zoona chinali chipinda chimodzi chachikulu ndi kachipinda kena kumbuyo kosungiramo matsache. Bwana wanga woyamba anali a Kachigamba, bambo wamtali amene ankamanga tayi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tsiku loyamba anandionetsa kusesa, kudinda mabuku obwereketsa, ndi kupanikiza nyuzipepala pa ndodo kuti anthu asathawe nayo. Nditafunsa kuti nanga za sabata yatha timaziika kuti, anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Anangozo, nkhani ikagona yasasa. Zimenezo muzipatsa mlonda aziyatsira moto."

Poyamba ndinkamvera. Koma ukakhala pa tebulo lomwelo tsiku ndi tsiku umayamba kuona kuti ndani amawerenga chiyani. Akalaliki a pa boma ankathera pa tsamba loyamba, achinyamata ankalimbirana la mpira. Panali gulu lina losaphokosera, anthu ochokera kumidzi, ena osadziwa n'kuwerenga komwe, amene ankafuna tsamba la pakati: la maukwati, ana obadwa, maliro, zikumbutso za omwalira, ndi mauthenga a anthu ofunafuna abale awo amene anatchona ku Halale, komwe ndi ku Zimbabwe, ndi ku Joni. Vuto la anthu amenewa linali loti ankabwera mochedwa. Mphekesera yoti mwana wa uje watuluka m'nyuzi inkafika kumudzi patapita nthawi, munthu n'kudikira kaye akolole, kenako ndiye aziyamba ulendo. Mkulu wina wochokera cha ku Nzama anafika atavala jekete la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. "Mayi, akuti mwana wanga Filipo anamujambula pa ukwati wake ku Limbe. Ine sindinapiteko, miyendo inali itatupa. Ndimati ndingoonako nkhope ya mpongozi wanga." Nyuzipepala imeneyo mlonda anali ataiothera kale. Mkuluyo sanakalipe. Anangothokoza, n'kukakhala pa khonde nthawi yaitali asanayambe kubwerera. Ine ndiye ndinakwiya m'malo mwake, ndipo kuyambira sabata imeneyo ndinayamba kumanga nyuzipepala m'mitolo ndi chingwe cha khonje, mwezi uliwonse mtolo wake, n'kumaunjika kuseri kwa matsache. A Kachigamba atazindikira anangopukusa mutu. "Bola makoswe anuwo asafike ku mabuku anga."

Musaganize kuti ndinkasunga chuma chopanda banga. Tsamba limene lija linali lodzaza ndi zolakwika zoti munthu n'kuzula nazo tsitsi. Otayipa a ku Blantyre, amene sanapondeko kuno, ankasandutsa Kaduya kukhala Kabuya, mudzi wa ku Ntcheu n'kuusamutsira ku Ntchisi. Chithunzi cha mkwati uyu chinkakhala pamwamba pa dzina la mkwati wina. Eni mauthengawo nawonso sanali angelo. Mkwati aliyense anali kalaliki, ngakhale amene tonse tinkamudziwa kuti amalondera sitolo. Womwalira aliyense anali mkhristu wokhulupirika, ngakhale amene ankachita kunyamulidwa pa wilibala kuchokera kumowa. Mkazi wachiwiri ankalemba chikumbutso cha mwamuna n'kusiya dzina la mkazi wamkulu pamodzi ndi ana ake onse, ngati sanabadwe. Zonsezi ndinkaziona, ndinkakukuta mano, koma ndinkamangabe mitolo, chifukwa kwa anthu ambiri a kumudzi kanali koyamba ndi komaliza dzina lawo kulembedwa ndi makina.

Tsangano, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Bungwe litatsegula kachipinda kowerengeramo ku Tsangano ananditumiza kumeneko. Ndinali nditangokwatiwa kumene ndi bambo anu, amene ankalima mbatata ya kachewere komweko, choncho anthu ankati ndachita mwayi. Amene analowa m'malo mwanga pa boma anandiuza poyera kuti mitolo yanga aitaya ndikangotuluka pakhomo, ndiye ndinaikweza pa lole pamodzi ndi bedi. Bambo anu ataiona ikutsitsidwa anagwira m'chiuno. "Anzanga akazi awo amabwera ndi miphika ndi mitondo. Wanga wabwera ndi chakudya cha makoswe."

Ku Tsangano kunalibe mashelefu, kunalibe chingwe, ngakhale guluu womatira masamba ong'ambika. Ndinasanja njerwa n'kuyalapo matabwa a mabokosi akale, ndipo chingwe ndinkapota ndekha. Chiswe chinkatulukira pansi usiku umodzi wokha n'kudya mwezi wathunthu, maukwati ndi maliro omwe. Chinyezi cha nkhungu ya kumeneko chinkamata masamba pamodzi moti ukati uwalekanitse, nkhope ya mkwatibwi inkatsalira pa tsamba la mpira. Aphunzitsi a pa sukulu yoyandikana ankabwera kudzabwereka nyuzipepala kuti akawerenge, mawa lake n'kuziona zitakutira makope a ana awo.

Koma chimene chinkandipweteka kwambiri ndi mmene nyuzipepala zinkafikira. Zinkabwera pa malole odzatenga kachewere, mochedwa, ndipo kawirikawiri tsamba la pakati lili losowa. Tsiku lina ndinamudikirira wothandiza dalaivala pa msika. "Achimwene, tsamba la pakati lili kuti?" Iye sanachite n'komwe manyazi. "Mayi, kuzizira kwa m'phirimu munthu sungapirire osasuta, ndipo chingambwe chimafuna pepala. La kutsogolo adalaivala amawerenga, la mpira ndi langa. Ili la anthu akufa ndiye likupweteka ndani?" Ndinalembera akuluakulu a bungwe kuti azitumiza nyuzipepala mu envulopu yomata. Yankho linabwera patapita miyezi, lakuti maenvulopu kulibe. Ndinadandaulanso, anandiyankha kuti ndikuchulutsa zonena. Mapeto ake ndinayamba kumamusungira munthu uja mapepala a matumba a shuga kuti azipichirira fodya wake, iye n'kumandibweretsera anthu anga akufa ali athunthu. Umo ndi mmene ntchito ya bungwe inkayendera.

Zinali zaka zimene anthu ambiri ankathawa nkhondo ku Mozambique n'kudzakhala pakati pathu. Ena ankalowa m'kachipinda kanga atamva kuti muli mapepala a maina a anthu otayika, n'kundipempha kuti ndiwafunire mwana kapena mwamuna. Ndinkavundukula ndithu, kuti asaone ngati ndawakana, koma ndinkadziwa kuti maina awo sanafikeko ku makina a ku Blantyre. Inu nonse awiri munabadwira m'zaka zimenezo, ndipo munaphunzira kuyenda mukugwira mitolo imeneyo. Kachipinda ka ku Tsangano katatsekedwa ndinabwezedwa pa boma, mitolo ili pambuyo panga, itachuluka kuposa kale.

Pa boma kachiwiri, cha m'ma 2010

Ndidumpha zaka zambiri ndi mabwana angapo amene analibe nazo kanthu za kachipinda ka kumbuyo. Womaliza anali a Zimpita, bambo wachinyamata wophunzira bwino, waulemu, wosadya za eni. Ndikunena izi kuti musamuone ngati chilombo. Iye anayenda m'maofesi mpaka anapeza anthu akufuna kwabwino amene analonjeza makompyuta oti ana a sukulu aziphunzirirapo, ndipo chipinda chokhacho chokhala ndi zitsulo pa windo chinali cha mitolo yanga. Anandiitana n'kundiuza modekha. "Amayi, ndimakulemekezani ngati mayi anga ondibala, koma mapepala aja achoke. Ndagwirizana kale ndi a Dafuta a pa chiwaya, abwera kudzatenga azikakulungira tchipisi." Ndinapempha kuti ndiwatengere kunyumba kwanga. Anati lamulo la bungwe sililola wantchito kutenga katundu wa bungwe, limangolola kugulitsa kwa anthu akunja. Ndinafunsa kuti, ndiye lamulo likulola kuti ukwati wa munthu ukulungire tchipisi koma likuletsa kuti usungidwe? Anati sanalembe ndi iye. Ndinatuluka. Penshoni inali pafupi, ndipo bambo anu anandichenjeza madzulo ake kuti munthu sugwetsa mtsuko utafika kale pakhomo.

Sabata yomweyo kunafika mayi wina wa zaka ngati makumi anayi, atanyamula kachikwama kamodzi, akulankhula Chichewa chosakaniza ndi Chishona moti ndinkachita kumubwereza. Dzina lake anali Rudo, wobadwira ku Zimbabwe. Bambo ake anachoka kuno ali mnyamata kukagwira ntchito ku migodi, sanabwererenso, ndipo kumeneko ankadziwika kuti Jemusi Phiri. Tsopano anali atafa ziwalo mbali imodzi, kulankhula kutatha, akungolira. Ali bwino sankakonda kukamba za kwawo. Zimene ana anatolako zinali ziwiri zokha: kuti kwawo ndi ku Ncheu, monga ankalembera kale, ndi kuti anali ndi mlongo wake dzina lake Ezileti. "Amayi," anatero Rudo, "kwathu kuja amatinena kuti ndife obwera. Ana anga akandifunsa kuti agogo kwawo ndi kuti, ndimangoloza kumpoto. Ndikufuna bambo asanafe pakhale munthu mmodzi wa magazi awo wodziwa kumene agone." Anali atazungulira m'maofesi ndi m'matchalitchi, ndipo kulikonse ankamuseka, poti kufuna Phiri ku Ntcheu kuli ngati kufuna tsamba limodzi m'munda wa chimanga. Wina ndiye anamulozera kwa mayi wa mapepala.

M'mawa mwake a Dafuta anafika ndi ngolo. Ndinaima pakhomo pa kachipinda kaja, ndinakhoma loko, kiyi n'kumumangirira pa nsonga ya chitenje. A Zimpita anabwera akupukuta thukuta. "Amayi, tsegulani. Alendo a makompyuta akubwera ndi akuluakulu a bungwe, mukufuna andipeze ndili chonchi?" Ndinati, "Bwana, mundipatse nthawi mlendoyu amalize kufufuza." Anati nthawi si yake. "Mukudziwa kuti uku ndi kukana lamulo la bwana? Ndilemba lipoti, ndipo sindidzatha kukutetezani." Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana ana a sukulu amene anali kusuzumira pa windo kudikira makompyuta awo, ndipo ndinadziwa kuti iye sakulakwa kotheratu. Koma pa benchi panali Rudo, chikwama chili pamiyendo, atawoloka malire awiri. Ndinati, "Lembani, bwana." A Dafuta anabwerera ndi ngolo yopanda kanthu akung'ung'udza, ndipo alendo atafika anapeza makompyuta ali m'makatoni pansi. A Zimpita anadzudzulidwa pamaso pa anthu, ndipo sanandilankhulenso kwa nthawi yaitali.

Kufufuzako kunali chilango pachokha. Tinkadzitsekera m'kachipindamo, fumbi likutiyetsemulitsa, maso akuyabwa, tikumasula mtolo uliwonse n'kuwerenga mauthenga a ofunafuna abale otchona. Miyezi ina inali itadyedwa ndi chiswe, ina inapita ndi utsi wa chingambwe. Aphiri otayika anali ambirimbiri. Tinapezamo mmodzi wotchedwa Jemusi, wofunidwa ndi abale ake a cha ku Tsangano, ndipo tinakwera minibasi mitima ili m'mwamba. Banja limenelo linatilandira ngati mvula yoyamba. Anagwira nkhuku, anamukumbatira Rudo, aliyense akuti wafanana ndi azakhali awo. Ine ndinafunsa kuti Jemusi wawoyo anali wotani. Anati wamfupi, wonenepa, anapita ku Joni. Rudo anati bambo ake ndi aatali ndipo ku Joni sanapondeko. "Munthu amasintha kuchilendo," anatero mkulu wa pabanjapo. Ndinafunsa dzina la mlongo wake. Mkuluyo anayang'ana chikwama cha Rudo, n'kundiyang'ana ine. "Inu mukufuna dzina liti?" Ndinadzuka osatsanzika bwino. M'minibasi Rudo analira njira yonse, ine ndikudzifunsa ngati ndataya penshoni yanga chifukwa cha nkhuku ya anthu abodza.

Amene anasintha njira anali Rudo mwini. Anati mwina Ezileti anamwalira, bwanji tiyang'ane dzina lake pa maliro ndi pa zikumbutso, mwina tingapezepo mudzi. Ine mbali imeneyo ndinkaidumpha, poti tinkafuna munthu wamoyo. Tinayambiranso mitolo yomwe ija kuchokera pansi, ndikudandaula msana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha kunali kutandithera. Tsiku lina masana Rudo anandiitana, chala chili pa pepala la chikasu la zaka zanga zoyambirira pa ntchito. Dzina la Ezileti linalipo, koma osati ngati womwalira. Linali pansi pa uthenga wa chikumbutso, iye ndiye wokumbukayo. Womwalirayo anali mlongo wake, Yakobe Kamtedza, wotchedwanso Jemusi, amene uthengawo unkati anatisiya cha m'ma 1960 pa ngozi ya mu mgodi ku Halale. Mudzi unalembedwa kuti Chambiti. Tinaupezanso uthenga womwewo m'mtolo wa chaka chotsatira, mwezi womwewo, ndi chinanso, kenako unaleka. Rudo anandigwira dzanja. "Amayi, bambo anga ndawasiya akupuma. Apa akuti anafa ine ndisanabadwe." Ndinamuuza kuti Chambiti kulibe m'boma lino, koma Champiti iliko, ndipo otayipa amene aja ndimawadziwa ntchito zawo.

Champiti, sabata yotsatira

Tinapita pa minibasi, kenako pa njinga za kabaza. Tinafunsa kwa amayi ogulitsa tomato pafupi ndi chipatala ngati akudziwa a kwa Kamtedza, ndipo anatilozera njira mosavuta. M'njiramo ndinkalakalaka nditabwerera. Ndinkadzifunsa kuti ndine ndani ine kukafukula maliro amene eni ake anakwirira kalekale, ndipo bwanji ngati mayiyo mtima wake uli wofooka. A Ezileti tinawapeza akutonola chimanga pa mphasa, mayi wochepa thupi, wa imvi mbuu, wa maso akuthwa. Titalonjerana mokwanira, n'kufotokoza kumene tachokera, ndinayamba mozungulira. "Amayi, kodi munali ndi mlongo wanu dzina lake Yakobe?" Anayankha osasiya kutonola. "Anamwalira kalekale ku Halale. Mwala unamugwera mu mgodi." Ndinafunsa ngati mtembo anauona. "Mtembo wa ku Halale ankauona ndani masiku amenewo? Anabwera munthu wina wobwerera kwawo, anati Jemusi Phiri wa ku Ncheu wafa, ndipo ife tinkadziwa kuti kumeneko amadzitcha Jemusi. Tinalira, tinameta, mkazi wake tinamusudzula, anakakwatiwa kwina." Rudo anadzidzimuka, chifukwa zoti bambo ake anasiya mkazi kuno anali kuzimva koyamba.

Ndinati, "Amayi, mwana uyu wachokera ku Halale. Ali ndi chithunzi choti muone." Rudo anagwada n'kupereka foni ndi manja awiri. A Ezileti anaitalikitsa, anaiyandikitsa, anaipendeketsa kuthawa dzuwa. Nkhuku zinayamba kujompha chimanga pa mphasa, iwo osazithamangitsa. Kenako anati, "Makutu awa ndi a bambo athu." Anakweza maso. "Ali moyo?" Rudo anati ali moyo, koma akudwala kwambiri. Ine ndinkayembekezera kulira kapena nthungululu. Zimene zinatuluka zinali zina. "Manja ali nawo?" Rudo anati ali nawo, limodzi lokha ndiye lafooka posachedwapa. "Ndiye zaka zonsezi anali nawo onse awiri? Nanga kalata chinkamuletsa kulemba n'chiyani?" Rudo anayankha motsitsa mawu kuti bambo ake nthawi ina atamwa ananenapo kuti anachita manyazi kubwerera chimanjamanja, ndipo zaka zitachuluka manyaziwo anakula kuposa msewu. A Ezileti anaponya chitsononkho pansi. "Muimbireni. Chinthu chanuchi chimalankhula, si choncho? Muimbireni."

Rudo anaimbira mchimwene wake, amene anakaika foni pamaso pa bamboyo. Nkhope inaoneka, yowonda, kukamwa kutapotokera mbali imodzi. A Ezileti sanapereke moni. "Yakobe! Ndine Ezileti. Amayi anafa akutchula dzina lako, ukundimva? Ine ndinameta mpala chifukwa cha iwe. Ndinkagulitsa nkhuku zanga, kuyenda wapansi mpaka pa boma chaka ndi chaka kukatumiza uthenga ku nyuzi kuti dziko lidziwe kuti ndinali ndi mlongo, iwe uli phee kumeneko ukubereka ana! Mkazi wa eni tinamusandutsa wamasiye mwamuna ali moyo. Abale ake ndidzawayang'ana bwanji?" Anakalipa mpaka anthu oyandikana nawo anadzaza pabwalo. Bamboyo misozi inkangoyenderera, akuyesa kutsegula pakamwa, kukutuluka kaphokoso kosamveka. A Ezileti anaona zimenezo ndipo mawu anawathera pakati pa chiganizo. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, akusisita galasi la foni ndi chala chachikulu. Atalankhulanso, ankauza mnyamata wogwira foni uja. "Iwe, mwamudyetsa? Musamamupatse phala la madzimadzi, amadana nalo chiyambire ali mwana." Kenako anamukoka Rudo, mayi wamkulu wobereka kale, n'kumukhazika pamiyendo ngati khanda. "Ine ndine azakhali ako. Pano ndi kwanu. Usadzalozenso kumpoto."

Pamene tinkatsanzika anandiitanira pambali. "Inu a nyuzi, mukalembe kuti sanafe." Ndinati ine si wa nyuzi, ndimangosunga, ndipo nyuzipepala imene ija inaleka kutuluka kalekale. Anandiyang'ana ngati ine ndiye ndinaitseka. "Ndiye bodza limene lija likhala choncho mpaka kalekale, dzina langa lili pansi pake?"

Kunyumba, zaka za penshoni

Lipoti la a Zimpita linagwira ntchito. Ndinalandira chenjezo, ndipo zaka zanga zomaliza ndinakathera pa kachipinda ka pa sukulu ina ya kutali ndi msewu, kumene nyuzipepala sinkafika n'komwe. Penshoni inatuluka, ngakhale inachedwa. Za mitolo anakonza ndi bambo anu, omwe aja ankaitcha chakudya cha makoswe. Anapita kwa a Dafuta n'kuwafunsa ngati tchipisi amaphika ndi mapepala kapena ndi kachewere. Tsiku limene ndinapereka kiyi, a Dafuta anatenga mitolo monga mwa lamulo la bungwe, ngolo n'kukhotera kunyumba kwathu, n'kubwerera itadzaza matumba a kachewere. Makompyuta analowa m'kachipinda kaja ndipo ana akuphunzirapo mpaka lero. Ine ndi a Zimpita timapatsana moni kumsika.

A Yakobe sanabwere kumudzi. Anamwalira komweko chaka chotsatira, ndipo Rudo anaimba foni ku Champiti tsiku lomwelo. A Ezileti analira maliro achiwiri a munthu mmodzi, koma kumeta anakana. Anati tsitsi lawo a Yakobe anadyeratu kale pa maliro oyamba aja.

Mbiri ya nkhani imeneyi inafalikira, ndipo ndi imene yandilanda mpumulo. Anthu amagogoda ndili kudimba, ndili ndi alendo, ngakhale Lamulungu ndikuvala za kutchalitchi. Ena ndi ophunzira, ena akulemba mbiri ya banja lawo, ena akukangana za munda ndipo akufuna pepala lokawopsezera nalo anzawo. Amajambula tsamba ndi foni n'kuthamanga, osafunsa kanthu. Bambo wina wa ku Lilongwe anapeza ukwati wa agogo ake, anakondwa kuti anali kalaliki, ndipo nditamuuza kuti akafunsenso kwa achikulire a kumudzi anandikwiyira. "Mayi, zalembedwa apa!" Ndinamuuza kuti ine ndinaonapo munthu wolembedwa kuti anafa akudzudzulidwa ndi mlongo wake pa foni. Pepala limakupatsa dzina ndi kolowera, basi. Kotsalako umayenda ndi miyendo yako, kukakhala pa mphasa, n'kufunsa anthu adakali moyo. Koma ndani amamva? Aliyense akufuna agogo ake awapeze msanga, ali kalaliki, asanaphonye basi yobwerera.

Funso la a Ezileti lija silinandichoke. Pa zaka zonse za ntchito ndinathamangitsa anthu osawerengeka chifukwa cholembalemba pa nyuzipepala za laibulale, ndipo dzanja langa linali lisanachitepo zimenezo. Koma tsiku lina ndinamasula mitolo ija, ndinatulutsa masamba onse okhala ndi chikumbutso cha a Yakobe, n'kulemba m'mphepete mwa lililonse ndi pensulo kuti munthuyu sanafe pa ngozi ya mu mgodi, anakhala moyo mpaka ukalamba, anabereka ana ku Zimbabwe, ndipo mlongo wake anamuona nkhope asanamwalire. Ndinawonjeza kuti mudziwo ndi Champiti. Ndinakulunga masambawo mu pulasitiki n'kupita nawo kwa a Ezileti kuti ndikawawerengere. Anamvetsera mpaka kumapeto, anagwedeza mutu, kenako anatenga pepala n'kuliyandikitsa kumaso.

"Mwalemba ndi chiyani apa?"

"Ndi pensulo, amayi. Inki imawononga pepala lakale."

"Pensulo imene ana amafufuta ndi malovu? Bodza analemba ndi makina, inu zoona mukulemba ndi pensulo?"

Ndinapisa m'chikwama, ndinatulutsa bolopeni. Ndinatsamiritsa pepala pa lichero lovundikira n'kuyamba kudutsa mu chilembo chilichonse, a Ezileti ataweramira paphewa panga, osadziwa kuwerenga, koma akuloza ndi chala paliponse pamene inki sinagwire bwino.